Kodi Ayisikirimu Wochepa Mafuta ndi Wabwino M'thupi?

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ikafika, dzuwa la kwa Mfumu Yaikulu Nazombe, kummawa kwa boma la Phalombe, silichita chibwana. Pa msika wa Chiringa, pa zipata za sukulu ndi panja pa zipatala pamene amayi amadikirira sikelo ya ana, malonda oyenda msanga amakhala a zinthu zozizira: mafirizesi a m'timapepala ta pulasitiki, yogati, zakumwa za m'mabotolo, ndiponso ayisikirimu kumene magetsi kapena mafiliji oyendera mphamvu ya dzuwa afikako. Kale zinthu zotere munthu wa kumudzi ankazilawa pokhapokha atapita ku Limbe kapena ku Blantyre. Lero mwana wa sitandade 2 amadziwa maina a zonsezi.

Pa mapaketi ena a zakudya zimenezi pamalembedwa mawu a Chingerezi akuti Low Fat, Reduced Fat kapena Fat Free, amene onse akunena za kuchepa kwa mafuta. Anthu ambiri akauzidwa tanthauzo la mawuwo, mtima umakhala pansi. Amaganiza kuti chinthucho nchoyenera munthu wonenepa, munthu wodwala kuthamanga kwa magazi, ngakhalenso mwana wofooka. Nanga si kuchipatala komwe anthu anauzidwa kuti achepetse mafuta? Funso limeneli nloyenera kulilingalira mofatsa, chifukwa kuphonya yankho lake kumatha ndalama za banja, ndipo nthawi zina kumawononga thanzi la mwana.

Chimene chili mu ayisikirimu

Ayisikirimu amapangidwa ndi zinthu zinayi: mkaka, mafuta a mkaka amene amayandama pamwamba mkakawo ukakhalitsa, shuga, ndi mpweya. Mpweyawo ndi wambiri ndithu. Mu ayisikirimu wotsika mtengo umafika theka la kapu yonse, kotero kuti wogula amalipiranso mphepo. Ntchito ya mafuta ndiyo kuchititsa chakudyacho kukhala chosalala ndi chonona m'kamwa, ndiponso kuletsa madzi a mu mkaka kuundana ngati matalala olasa lilime.

Tsono wopanga akachotsa mafuta amatsala ndi vuto. Chotsalacho chimakhala chamadzimadzi ndi chozizira mkomedwe, ndipo palibe amene angachigule kachiwiri. Pofuna kubweza kukoma ndi kusalala kuja, iye amasiya shuga yense momwemo, kapena kuwonjezerapo, nathiramo ufa wosalala wochokera ku chimanga pamodzi ndi zina zolimbitsa. Ziwerengero zimene boma la America limasunga zosonyeza zopezeka m'zakudya zikufotokoza bwino nkhaniyi. Mu magalamu 100 a ayisikirimu wamba muli mafuta okwana magalamu 11, shuga magalamu 21, ndi mphamvu ya makalori 207. Mu magalamu 100 a ayisikirimu wochepetsedwa mafuta muli mafuta pafupifupi magalamu 5, shuga magalamu 22, ndi makalori 180. Mafuta atsikadi ndi theka, koma shuga sanasunthe nkomwe.

Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula shuga wokwana magalamu 4. Choncho aliyense mwa ayisikirimu awiriwa ali ndi masupuni asanu a shuga m'kambale kamodzi kakang'ono. Kusiyana kwa mphamvu pakati pawo ndi makalori 27 okha, ndipo makalori amenewa sakwana ngakhale masupuni awiri a shuga wothira mu tiyi. Munthu amene watapa masupuni awiri aakulu owonjezera, podzitonthoza kuti akudya chopanda mafuta, watha kale phindu lonselo.

Palinso china chimene anthu ambiri sachizindikira. Lilime likazizidwa silimva bwino kutsekemera, ndipo nchifukwa chake opanga zinthu zozizira amathiramo shuga wochuluka kuposa amene munthu angalole m'chakumwa chofunda. Amene akukayika asiye ayisikirimu kapena firizesi m'kapu mpaka asungunuke, kenaka amwe. Adzadabwa ndi kutsekemera kolakwitsa kukhosi kumene sanakumve chinthucho chili chouma.

Tanthauzo la mawu a pa paketi

Mawu olembedwa pa mapaketi ali ndi malamulo ake. Bungwe la Codex Alimentarius, limene linakhazikitsidwa mu 1963 ndi mabungwe a FAO ndi WHO, linaika miyezo imene maiko ambiri amatsata. Chakudya cholimba chimatchedwa Low Fat ngati mafuta ake sapitirira magalamu 3 pa magalamu 100 alionse, ndipo chakumwa ngati sapitirira magalamu 1.5 pa mamililita 100. Fat Free ndi chimene mafuta ake sapitirira theka la galamu. Koma mawu oti Reduced Fat ndi oterera. Amangotanthauza kuti mafuta achepetsedwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena kuposerapo, poyerekeza ndi chinzake cha mtundu womwewo. Ayisikirimu wa magalamu 5 uja ali m'gulu limeneli. Ngati chinzakecho chinali chodzaza mafuta, chochepetsedwacho chingakhalebe ndi mafuta ambiri, monga momwe thumba la chimanga lotapulidwa ndowa imodzi limakhalirabe lolemera.

Chachikulu nchakuti mawu onse atatuwa sanena kanthu za shuga, za mchere, kapena za ubwino wa chakudyacho m'thupi. Amanena chimene chachotsedwa, osati chimene chatsala. Wopanga sananame, wangosankha choti alembe ndi zilembo zikuluzikulu. Zofanana ndi zimenezi zimaoneka pa mabotolo a mafuta ophikira olembedwa kuti Cholesterol Free. Mawuwo ndi oona, komatu mafuta onse ochokera ku mbewu, kaya ndi a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza, alibe kolesterolo mwachibadwa. Mafuta a mpendadzuwa oyengedwa ku Phalombe konkuno alibenso, ngakhale botolo lake lilibe chilembo chilichonse.

Kumene maganizo amenewa anachokera

Kuopa mafuta onse popanda kusiyanitsa sikunayambire ku Malawi. Kunayambira ku America, kumene matenda a mtima ankapha anthu ochuluka zedi pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1977 komiti ya nyumba ya malamulo ya kumeneko, motsogozedwa ndi George McGovern, inalangiza anthu kuti achepetse mafuta, ndipo mu 1980 boma linatulutsa malangizo a kadyedwe a dziko lonse. Malangizowo anatchulanso za kuchepetsa shuga, koma mawu amene anamveka kwambiri m'masitolo anali a mafuta. Makampani sanachedwe. Mu 1992 kampani ya Nabisco inatulutsa mabisiketi otchedwa SnackWell's, opanda mafuta kapena ochepa mafuta, ndipo anthu anawalimbirana kotero kuti m'masitolo ankatha. Ambiri ankadya paketi yonse nthawi imodzi, poganiza kuti palibe chowopsa.

Zotsatira zake sizinali zimene anthu ankayembekeza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, akuluakulu 15 mwa 100 alionse ku America anali onenepa mopitirira muyezo. Pofika chaka cha 2000 chiwerengerocho chinali chitafika pa 30. Zifukwa zake nzambiri, ndipo sikungakhale kulungama kuloza mabisiketi okha, koma zikuonekeratu kuti zakudya zolembedwa kuti zilibe mafuta sizinapulumutse aliyense.

Analipo amene anachenjeza msanga. Katswiri wa za kadyedwe wa ku London, John Yudkin, analemba buku mu 1972 lonena kuti shuga ndiye mdani amene anthu akumunyalanyaza, koma anzake ambiri anamunyoza. Patapita zaka zambiri, mu 2016, ofufuza anatulutsa makalata akale osonyeza kuti bungwe la makampani a shuga linalipira akatswiri ena a pa yunivesite ya Harvard kuti alembe nkhani imene inatuluka mu 1967, yochepetsa mlandu wa shuga pa matenda a mtima ndi kuukankhira kwa mafuta. Nkhani imeneyi ikusonyeza kuti mawu a pa paketi ali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi katundu woti agulitse.

Mafirizesi alibe mafuta ngakhale dontho

Kwa Nazombe mabanja ogula ayisikirimu wa m'sitolo kawirikawiri ndi owerengeka. Chozizira cha tsiku ndi tsiku ndi firizesi, ndipo iyeyu ndiye mphunzitsi wabwino wa phunziro lonseli. Firizesi wamba ndi madzi, shuga, utoto ndi mankhwala opatsa fungo la chipatso. Mulibe mafuta ngakhale dontho limodzi. Akanakhala ndi paketi yosindikizidwa ku fakitale, akanayenera kulembedwa Fat Free mosanama konse. Koma ndi mayi uti amene angati mwana wake wadya chakudya chifukwa wayamwa mafirizesi atatu? Ngati kusowa kwa mafuta kukanakhala umboni wa ubwino wa chakudya, firizesi akanaposa dzira, mkaka ndi mtedza. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Nyerere zake ndi za mitundu itatu. Yoyamba ndi mano. Mwana amayamwa firizesi pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, mano ake ali m'madzi a shuga, ndipo tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shugayo kukhala asidi wobowola mano. Shuga wodyedwa kamodzi pamodzi ndi chakudya sawononga mano ngati shuga wolowa m'kamwa kasanu patsiku. Yachiwiri ndi njala yonyengedwa. Mwana amene wamwa zotsekemera pobwera kusukulu amafika pakhomo alibe chilakolako cha nsima ndi ndiwo, chonsecho chimene wamwacho sichimanga thupi.

Yachitatu ndiyo yowopsa mwamsanga, ndipo ndi madzi opangira. Anthu ambiri amakhulupirira kuti chinthu chouma m'filiji chilibe tizilombo. Si zoona. Kuzizira kumangogoneka tizilombo tambiri, ndipo timadzuka chinthucho chikasungunuka m'mimba. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 ndi kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo namondwe wa Freddy, amene anasakaza Phalombe mu Marichi 2023, anawononga zimbudzi ndi zitsime zambiri. Madzi osatetezedwa amafalitsanso tayifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba. Amayi opanga mafirizesi ogulitsa akuchita malonda olemekezeka amene amalipirira ana sukulu, ndipo palibe chifukwa chowanyoza. Chofunika nchakuti madzi awo akhale owiritsa kapena othira kolorini, asambe m'manja ndi sopo asanayambe ntchito, ndipo asatsegule timapepala touzira ndi pakamwa. Amene amapanga mafirizesi a malambe, a bwemba kapena a mango enieni, nachepetsa shuga, amagulitsa chinthu chabwinopo kuposa cha utoto.

Mwana wamng'ono amafuna mafuta

Apa ndipo pagona nkhani kwa mayi wa kusikelo. Malangizo ochepetsa mafuta anakonzedwera anthu akuluakulu a m'maiko okhuta. Vuto la ana ambiri a ku Malawi ndi lina. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mwana wotere sasowa chakudya chochepa mafuta. Amasowa mafutawo.

Galamu imodzi ya mafuta imapatsa makalori 9, pamene galamu ya shuga kapena ya ufa imapatsa makalori 4. Mimba ya mwana wa chaka chimodzi ndi yaing'ono, ndipo phala la ufa woyera lamadzimadzi limaidzaza mwanayo asanapeze mphamvu yokwanira. Supuni imodzi ya mafuta ophikira, kapena nsinjiro zodzaza supuni yaikulu, zimawonjezera mphamvu m'phalamo popanda kuchulutsa phalalo. Mkaka wa m'mawere, umene ndi chakudya choposa zonse kwa khanda, umapereka pafupifupi theka la mphamvu zake kudzera m'mafuta. Ubongo wa mwana, umene umakula mofulumira m'zaka ziwiri zoyamba, umamangidwa ndi mafuta ambiri. Nchifukwa chake mwana wosakwana zaka ziwiri, ngati akumwa mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi atapitirira miyezi isanu ndi umodzi, ayenera kumwa wowiritsa ndi wosachotsedwa mafuta.

Mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Vitamini A, amene amateteza maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda, amapezeka mu bonongwe, nkhwani, chisoso, maungu, mango, mapapaya ndi mbatata yofiira mkati. Masamba ophika ndi madzi ndi mchere wokha amapereka vitaminiyu pang'ono poyerekeza ndi masamba otendera. Agogo amene ankatendera nkhwani ndi kuphika futali sankadziwa dzina la vitamini aliyense, koma kaphikidwe kawo kanali kolondola.

Umboni wina uli m'chipatala momwemo. Chiponde chimene ana onyentchera amalandira chimapangidwa ndi mtedza, mafuta, mkaka wa ufa, shuga ndi mavitamini. Paketi imodzi ya magalamu 92 ili ndi makalori 500, ndipo pafupifupi theka la mphamvu imeneyi, kapena kuposa, limachokera ku mafuta. Chakudyachi chinayamba kukonzedwa ku France mu 1996 ndi André Briend ndi anzake, ndipo dokotala Mark Manary anachiyesa kwa ana a ku Malawi kuyambira mu 2001. Chapulumutsa ana ochuluka amene kale akanamwalira. Chiponde chimenechi ndi mankhwala a mwana amene walembedwa, si chakudya chogawana pakhomo kapena chogulitsa pa msika. Koma nchoyenera kukumbukira kuti pamene moyo wa mwana uli pangozi, achipatala samupatsa chopanda mafuta.

Pachifukwa chimenechi mafuta ali ndi gulu lawolawo pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, pamodzi ndi zokhutitsa, zanyama, nyemba, masamba ndi zipatso. Shuga ndi zotsekemera zilibe gulu. Mayi angafunse kuti, nanga bwanji shuga wa m'dziko muno akuti ali ndi vitamini A? Nzoona kuti kuyambira mu 2012 shuga wogulitsidwa m'Malawi anayamba kuthiridwa vitamini ameneyu. Boma linasankha shuga chifukwa amafika pafupifupi pakhomo lililonse, osati chifukwa chakuti anthu ayenera kumudya wambiri.

Nanga akuluakulu?

Kwa munthu wamkulu nkhani imatembenuka pang'ono. Matenda amene kale ankatchedwa a anthu olemera a m'tauni afika kumudzi. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi matenda a shuga. Ambiri mwa iwo sankadziwa. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapezanso kuti mayi mmodzi mwa asanu anali wolemera kuposa muyezo woyenera msinkhu wake. Si zachilendo kupeza pakhomo limodzi mwana wopinimbira ndi mayi wonenepa, onse akudya za m'mphika umodzi.

Munthu wotere ayeneradi kusamala mafuta, makamaka a nyama yonona, a mkaka, ndi mafuta olimba amene amathiridwa m'mabisiketi. Bungwe la WHO limalangiza kuti mafuta a mtundu umenewu asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya tsiku lonse. Koma phindu lake limaoneka pamene mafuta olimbawo alowedwa m'malo ndi mafuta a mbewu, mtedza, mapeyala ndi nsomba monga matemba a ku nyanja ya Chilwa. Akalowedwa m'malo ndi shuga ndi ufa woyera, mtima supindula kwenikweni. Ayeneranso kupewa mafuta a pa chiwaya amene akazingira kambirimbiri mpaka ada bii.

Pa shuga, bungwe lomweli linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 patsiku, ndiwo masupuni aang'ono 12, ndipo linati nkwabwino koposa kutsika mpaka masupuni 6. Kuwerengera kwake nkosavuta. Tiyi wa mmawa wa masupuni atatu, botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 limene kawirikawiri limakhala ndi masupuni 8, ndi kambale ka ayisikirimu ka masupuni 5, zonse pamodzi ndi masupuni 16, ndipo thobwa sanawerengedwe. Pa zinthu zitatuzi, chakumwa cha m'botolo chilibe mafuta konse.

Wodwala matenda a shuga asanyengedwe ndi mawu oti Low Fat, pakuti chimene chimakweza shuga m'magazi mwake chili momwemo chonse. Ngati munthu wathanzi apatsidwa mwayi wosankha pakati pa ayisikirimu wamba ndi wochepa mafuta, atenge amene wamukonda, adye pang'ono, ndipo adye pa tsiku la chisangalalo. Kukula kwa mbale ndi kuwirikiza kwa masiku ndiko kofunika kuposa dzina la pa chivundikiro. Ndalama yogulira kapu ya ayisikirimu kawirikawiri ingagule mazira kapena mtedza wa masiku angapo, ndipo mango a nyengo yomweyo yotentha amatsekemera pamodzi ndi vitamini wake.

Wogula zinthu za m'paketi atembenuze paketiyo ndi kuyang'ana kumbuyo, kumene kuli timalemba ting'onoting'ono. Zinthu zopangira zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri, kotero kuti mawu oti sugar kapena glucose syrup akakhala oyamba kapena achiwiri, chinthucho ndi switi. Amene satha kuwerenga Chingerezi afunse mwana wa sukulu kapena mlangizi wa zaumoyo. Ayang'anenso tsiku lothera ntchito ndi chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards. Ndipo popeza magetsi amazimazima, ayisikirimu amene waphwa m'kapu mwake, kapena amene ali ndi timiyala ta madzi oundana pamwamba, ndiye kuti anasungunukapo naumanso. Mkaka wotere ungakhale utaswa tizilombo, ndipo sayenera kupatsidwa kwa mwana, kwa mayi woyembekezera kapena kwa wodwala.